Kujambula nebula ya Carina ndi mafilter a Ha, OIII ndi SII: kuyambira pabwalo mpaka pakompyuta

Mvula ikamatha mu Epulo, kumwamba kumayera kuposa nyengo ina iliyonse. Fumbi limakhala lisanadzuke, tchire lisanayambe kupsa, ndipo cha m'ma 9 koloko usiku nebula ya Carina, mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi wa pakati pa nyenyezi, imakhala itafika pamwamba penipeni pa ulendo wake, chakummwera. Muipeza mkati mwa Mlalang'amba, chakumadzulo pang'ono kwa nyenyezi zinayi za Southern Cross, ndipo kumene kulibe magetsi ambiri imaoneka ndi maso ngati kamtambo kowala. Ku Lilongwe imakwera madigiri pafupifupi 44, ku Blantyre pafupifupi 46. Wokhala ku Ulaya saiona m'pang'ono pomwe, moti Nicolas-Louis de Lacaille anailemba mu 1752 ali ku Cape of Good Hope. Nambala yake ndi NGC 3372, kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 7,500 kuti kutipeze, ndipo ndi yaikulu moti mwezi wathunthu ungandandalikidwe kanayi m'lifupi mwake. Aliyense woyamba kumene narrowband, kujambula ndi mafilter olola kamzere kamodzi kokha ka kuwala, ndimamuuza kuti ayambire pamenepa.

Dziwani kaye chimene mukugwira

Pakati pa nebulayi pali nyenyezi zotentha kwambiri za m'magulu a Trumpler 14 ndi Trumpler 16. Eta Carinae ili pomwepo, nyenyezi imene inalavula mpweya wochuluka n'kuwala mpaka mu 1843 inkangoposedwa ndi Sirius yokha. Kuwala kwa ultraviolet kochokera ku nyenyezi zimenezi kumathothola maelekitironi m'maatomu a mpweya wozungulira, ndipo mpweyawo umayamba kuwala pawokha. Koma suwala mitundu yonse monga limachitira dzuwa. Mpweya uliwonse uli ndi kamzere kakekake kopyapyala: hayidirojeni amawala mofiira pa 656.3 nm (nanometer, muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala), ndiye Ha ameneyo. Okosijeni amene wataya maelekitironi awiri amawala mobiriwira mopita ku buluu pa 500.7 nm, ndiye OIII. Sulufule amawala mofiira kwambiri pa 671.6 ndi 673.1 nm, ndiye SII.

Mzere wa OIII unazunguza mitu akatswiri kwa zaka zambiri. William Huggins atauona mu 1864 m'nebula ya Cat's Eye, anthu anafika poganiza kuti ndi mpweya wosapezeka padziko pano, n'kuupatsa dzina lakuti nebulium. Ira Bowen ndiye anaonetsa mu 1927 kuti ndi okosijeni yemweyu, kungoti ali pamalo pamene maatomu ndi otalikirana kwambiri.

Filter ya narrowband imasefa kuwala konse n'kungolola kamzere kamodzi, ka 3 nm, 5 nm kapena 7 nm m'lifupi. Magetsi a sodium a mumsewu, amene amawala pa 589 nm, amatsekeredwa kunja. Mababu a LED amawala mitundu yonse, komabe chimene chimadutsa ndi kachigawo kochepa chabe. N'chifukwa chake mungajambule muli kuseri kwa nyumba m'tauni.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: mipweya itatuyi sikhala malo amodzi. OIII amafuna mphamvu zambiri, choncho amachuluka pafupi ndi nyenyezi zotentha zija. SII amaonekera kwambiri m'mphepete, pamene kuwala kukugunda mitambo yakuda ya fumbi. Ha ali paliponse. Ndiye mitundu ya chithunzi chanu ndi mapu osonyeza mpweya umene uli pamalo alionse, ndipo mapu amenewa amalembedwa usiku, ndi maola amene mwapatsa filter iliyonse. Kompyuta imangoulula zimene kamera inagwira.

Zipangizo

Ndalama zambiri ikani pa mount, chipangizo chonyamula ndi kuzungulitsa telesikopu, osati pa telesikopuyo. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo mount ya mtundu wa equatorial ndi imene imalitsatira. Sky-Watcher HEQ5, EQ6-R kapena ZWO AM5 zimanyamula zonse bwinobwino. Star Adventurer GTi imakwanira ngati katundu wanu ndi wopepuka.

Telesikopu ikhale yaifupi. Refractor (telesikopu ya magalasi) ya focal length ya 250 mm ngati RedCat 51 pamodzi ndi kamera ya ZWO ASI533MM zimakupatsani bwalo la madigiri pafupifupi 2.6 mbali zonse, ndipo Carina imalowa yonse. Kuti mudziwe kukula kwa thambo limene pixel imodzi ikuona, chulukitsani kukula kwa pixel (m'ma micron) ndi 206.265, mugawe ndi focal length (m'ma mm). Apa ndi 3.76 kuchulukitsa 206.265 kugawa 250, yankho lake ma arcsecond 3.1 (digiri imodzi ili ndi ma arcsecond 3,600). Nambala imeneyi muisunge, tiifunanso.

Kamera ya mono, yosaona mitundu, pamodzi ndi filter wheel ndi mafilter atatu ndiyo njira yeniyeni. Ngati muli ndi kamera ya mitundu, gulani filter ya dual-band monga Optolong L-eXtreme, imene imalola Ha ndi OIII nthawi imodzi. SII simumupeza, koma chithunzi chimatuluka chabwino ndithu. DSLR yosasinthidwa ili ndi galasi mkati limene limatsekereza Ha wambiri, ndiye ikutayitsani nthawi.

Zotsalazo: katelesikopu ka focal length ya 120 mm ndi kakamera kake kolondolera nyenyezi, Bahtinov mask yothandizira focus, lamba wotenthetsa galasi kuti mame asagwire, ndi batire la 12V. Ngakhale muli ndi magetsi a m'nyumba, lumikizani zonse kubatire. Magetsi akazima 11 koloko, mount imaiwala pamene inali ndipo kamera imatentha. Mapulogalamu ake ambiri ndi aulere: N.I.N.A. yojambulira, PHD2 yolondolera, ASTAP yozindikira pamene telesikopu yaloza, Siril, GraXpert ndi StarNet zokonzera zithunzi.

Kuimika mount: apa ndi pamene kwathu kuno kumasiyana ndi kwina

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu okhala kumpoto, amene ali ndi nyenyezi yowala ya Polaris. Ife mount yathu imaloza kummwera, ndipo kumeneko kuli Sigma Octantis, nyenyezi yozilala imene imavuta kuiona, makamaka poti ili pafupi ndi pansi, kuseri kwa mpanda ndi mitengo ya mango.

Imikani miyendo pamalo olimba, mount iloze kummwera poyerekeza ndi kampasi ya mufoni. Kupendama kwa mount kufanane ndi latitude yanu: 14 ku Lilongwe, pafupifupi 16 ku Blantyre, pakati pa 11 ndi 12 ku Mzuzu. Polemba malo anu mu pulogalamu musaiwale kuti ndi South, apo ayi mount izungulira chobwerera. Musanayatse chilichonse, masulani makilatchi muzungulitse telesikopu ndi manja mbali zonse. Pa latitude yotsika chonchi, chitsulo cha counterweight chimatha kugunda mwendo wa tripod. Ngati chikugunda, mufunika pier extension yokwezera mutu wa mount.

Kenako mu N.I.N.A. ikani plugin ya Three Point Polar Alignment. Imajambula malo atatu pathambo n'kukuuzani kuti mupotoze mabauti a mount mbali iti, ndipo siifuna kuti muione Sigma Octantis. Potozani pang'onopang'ono mpaka cholakwika chitsike pansi pa ma arcminute 2 (digiri imodzi ili ndi ma arcminute 60). Kulimbana kuti chifike pa ziro n'kudya mdima wanu pachabe.

Focus ndi guiding

Lozani nyenyezi yowala, Canopus ili pafupi, muike Bahtinov mask kutsogolo kwa telesikopu. Pasikirini muona mizere itatu: iwiri yopingasana ngati X, wachitatu wodutsa pakati. Tembenuzani kachitsulo ka focus pang'ono chabe, muchotse dzanja, mudikire telesikopu isiye kunjenjemera. Mzere wapakatiwo umasuntha kumanzere kapena kumanja. Ukakhala pakatikati pa X, mangani. Chitani zimenezi pa filter iliyonse, chifukwa kuwala kofiira ndi kwa buluu sikukumana pamalo amodzi ndendende m'magalasi. Kukazizira pakati pa usiku chitsulo chimafupika, ndiye muonenso pakatha maola awiri. Ndipo chotsani maskiyo musanayambe kujambula.

Mu PHD2 chitani calibration, muike masekondi awiri. Onani nambala ya RMS, imene imasonyeza ma arcsecond amene mount ikuphonya polondola nyenyezi. Poti pixel yanu ikuona ma arcsecond 3.1, RMS ya 1.5 kapena kutsika apo ikukwanira, nyenyezi zituluka zozungulira. Yatsaninso dithering kuti mount izisuntha chithunzi ndi mapixel ochepa pakatha mafuremu awiri kapena atatu. Zimathandiza kuti mapixel oipa a kamera adzachotsedwe pophatikiza.

Kugawa maola

Ziziritsani kamera pa -10°C, gain 100 pa ASI533, ndipo furemu iliyonse itenge masekondi 300. Ngati mphepo ikugwedeza, tsikirani pa 180.

Chithunzi chimodzi chimakhala ndi noise, timadontho tija tooneka ngati mchenga. Timachepa mukaphatikiza mafuremu ambiri, koma mwapang'onopang'ono: kuti chithunzi chiyere kawiri, mufunika nthawi yochuluka kanayi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ha amatuluka wokongola ngakhale pafuremu imodzi, munthu amakopeka n'kumupatsa usiku wonse, SII n'kumupatsa theka la ola. Pakompyuta ndiye amakakamiza SII wofookayo kuti awale, mbali zonse zofiira n'kudzaza mchenga. Filter yofooka ndiyo ipatsidwe nthawi yambiri. Pa Carina ine ndinganene maola awiri a Ha, atatu a OIII, ndi anayi kapena asanu a SII.

Maola amenewa sakwana usiku umodzi. Jambulani nebula ili pamwamba pa madigiri 30: pakati pa Epulo zimenezi zikutanthauza kuyambira mdima utagwa mpaka cha m'ma 12 koloko, pamene pakati pa Meyi mumatsala ndi maola osakwana anayi. Gawani masiku potsatira mwezi. Ha ndi SII amapirira mwezi wowala, bola usakhale pafupi ndi nebula. OIII sapirira, chifukwa kuwala kwa mwezi kumabalalika kwambiri kumbali ya buluu. Musungireni masiku amene mwezi uli kumdima, ndi maola amene nebula ili pamwamba penipeni.

Nebula ikadutsa pakati pa thambo, mount iyenera kutembenukira mbali ina, imene amati meridian flip. N.I.N.A. imachita yokha, koma tsiku loyamba imani pomwepo muone kuti mawaya sakukoka.

Mafuremu okonzera

Madark, ochotsera timadontho timene kamera imapanga payokha: tsekani telesikopu, jambulani 30 pa masekondi omwewo, gain yomweyo, kuzizira komweko. Awa mutha kuwagwiritsa ntchito miyezi ingapo.

Maflat ndiwo ofunika chidwi. Amachotsa mdima wa m'makona ndi timabwalo ta fumbi la pagalasi. Osasuntha kamera, osakhudza focus. Kungani malaya oyera kukamwa kwa telesikopu ndi labala, pasakhale khwinya, muloze kumwamba m'bandakucha kapena muike sikirini yoyera ya tabuleti pamwamba pake. Sinthani nthawi mpaka phiri la histogram, galafu yosonyeza kuwala kwa chithunzi, likhale pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka la galafuyo. Jambulani 30 pa filter iliyonse, maflat a Ha sagwira ntchito pa OIII. Malizani ndi madark flat 30, telesikopu yotseka, pa nthawi yofanana ndi ya maflat.

Kuphatikiza mu Siril

Ikani mafuremu a filter iliyonse mufoda yakeyake. Musanaphatikize, aoneni imodziimodzi, mutaye amene mtambo unadutsa kapena nyenyezi zinatalika. Mizere ya masetilaiti musaidandaule, ichoka yokha. Chitani calibration ndi madark ndi maflat, kenako registration (kugoneranitsa nyenyezi), kenako stacking (kuphatikiza mafuremu) ndi Winsorized Sigma Clipping. Mutsala ndi zithunzi zitatu. Ziikeni mu sequence imodzi muchitenso registration kuti nyenyezi za zitatuzo zigonerane, ndipo dulani m'mphepete mofanana.

Wa kamera ya mitundu agwiritse ntchito script ya OSC_Extract_HaOIII, imene imatulutsa zithunzi ziwiri, cha Ha ndi cha OIII.

Chotsatira ndi kusalaza kuwala kwa kumbuyo ndi GraXpert kapena Background Extraction ya mu Siril. Chenjerani pa Carina: nebula imadzaza pafupifupi bwalo lonse, ndipo pulogalamu imatha kuyesa mpweya wozilala wa m'mphepete ngati kuwala kwa tauni n'kuufafaniza. Ikani timabokosi toyezera tochepa, pamalo akuda okhaokha, ndipo muyerekeze chithunzi chisanakonzedwe ndi chitakonzedwa. Ngati Ha alibe mbali yowala kuposa inzake, musiyeni.

Tsopano chotsani nyenyezi ndi StarNet pa chithunzi chilichonse. Muzisunge padera.

Kukoka kuwala ndi kupanga mitundu

Mpaka pano chithunzi chenicheni n'chakuda bii, timadontho towala apo ndi apo. Kuwala kulimo, koma kwaunjikana kumanzere kwenikweni kwa histogram. Tsegulani Generalised Hyperbolic Stretch, muike symmetry point pamene pali phiri la histogram, mukoke pang'ono. Poyamba pamatuluka chifunga. Kukokanso kachiwiri, mkwasa wakuda wooneka ngati V umene umagawa nebula umaonekera, kenako Keyhole, kamtambo kakuda kamene John Herschel anakajambula pamanja ali ku Cape m'ma 1830. Kokani katatu kapena kanayi pang'onopang'ono m'malo mokoka kamodzi mwamphamvu, ndipo diso lanu likhale pakati pa nebula: pakangoyera mbee, mwapitirira, bwererani.

Yambani ndi Ha. Kenako kokani OIII ndi SII mpaka mapiri a histogram zawo akhale pamalo amodzi ndi a Ha, ndiponso m'lifupi mofananirako. Gawo limeneli ndilo mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi pamene maola aja a SII amabweza phindu.

Njira yotchuka yoikira mitundu ndi SHO: SII kofiira, Ha kobiriwira, OIII kwa buluu. Inatchuka ndi chithunzi cha mizati ya mpweya ndi fumbi yotchedwa Pillars of Creation chimene Jeff Hester ndi Paul Scowen anajambula ndi telesikopu ya Hubble mu 1995. Chifukwa chake n'chomveka: Ha ndi SII onse ndi ofiira m'maso mwathu, ndiye mukawasiya pa mtundu wawo weniweni simungawasiyanitse. Mizati imeneyi ili mu Eagle Nebula, M16, imene imadutsa pamutu penipeni pa Lilongwe mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo zonse zimene tikunena pano zikagwiranso ntchito pamenepo.

Mu RGB Compositing ikani zitatuzo m'malo mwake. Chithunzi choyamba chimakonda kutuluka chobiriwira kwambiri, poti Ha ndi wamphamvu. Musathamangire Remove Green Noise. Bwererani kaye ku histogram, mwina SII ndi OIII akadali pansi. Zikafanana bwino muona pakati pa nebula pakuyamba kuchita buluu, m'mphepete mwa mitambo yakuda mukuchita golide. Pamenepo ndiye muchepetse zobiriwira, koma osati zonse. Ine ndimakonda kusiya kobiriwira pang'ono pakati pa buluu ndi golide, chifukwa ndi kumene kumasonyeza malo amene hayidirojeni akuposa anzake. Mukakuchotseratu mumatsala ndi mitundu iwiri yokha, ndipo ntchito ya filter imodzi yathunthu yatayika.

Wa zithunzi ziwiri apange HOO: Ha kofiira, OIII kobiriwira ndi kwa buluu komwe. Mitundu yake imayandikira kwambiri ku mmene nebula ilili. OIII wa kamera ya mitundu amafooka, ndiye mugwiritse ntchito Linear Match kuti afanane ndi Ha musanakoke.

Mukafuna kusintha mitundu mu GIMP, sinthani chithunzi chonse kapena mtundu wonse nthawi imodzi. Kutenga burashi n'kupaka buluu pamene OIII kulibe, kumeneko ndiye kunamiza woonera, ndipo sindikugwirizana nako ngakhale chitakongola bwanji.

Zida zochotsera noise muzigwiritse ntchito mopepuka, makamaka pa SII ndi OIII. Kulitsani chithunzi pa 100% muone m'mphepete mwa mitambo yakuda: timinyanga ta fumbi tikayamba kusungunuka, chepetsani. Kumbuyo kusakhale kwakuda bii. Kusiyeni cha pa 20 kapena 25 mwa 255, chifukwa mpweya wozilala umabisala momwemo.

Kubweza nyenyezi

Nyenyezi za SHO zimatuluka zofiirira mopita ku pepo, chifukwa mwakoka kofiira ndi buluu kuposa kobiriwira. Njira yachidule: pa chithunzi cha nyenyezi zokha chitani Negative Transformation, pepo uja asanduka wobiriwira, chitani Remove Green Noise, mubwezerenso Negative. Njira yabwino koposa, ngati muli ndi mafilter a R, G ndi B, ndiyo kujambula mafuremu 20 a masekondi 30 pa iliyonse, mutengeko nyenyezi zokha ndi mitundu yake yeniyeni. Carina ili mu Mlalang'amba, nyenyezi n'zochuluka zedi, ndiye mu Star Recomposition muzikoke mochepa kuposa nebula kuti zisaikwirire.

Sungani TIFF ya 16-bit, JPEG ikhale yotumizira anthu basi. Poika chithunzi pa Facebook kapena AstroBin lembani kuti ndi SHO kapena HOO, maola a filter iliyonse, ndi zipangizo zake, kuti woonera adziwe tanthauzo la mitunduyo. Mafuremu onse oyambirira pamodzi ndi maflat ake muwasunge pa hard drive ina, ndipo mulembe ngodya imene kamera inapendamira monga ASTAP inakuuzirani. Chaka chamawa mukadzaika kamera pa ngodya yomweyo, maola atsopano adzawonjezeka pa akalewa, ndipo mudzayambire SII.